Akulemberani pepala la liwiro pa Lizulu: mulipire kapena mupite ku khoti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wina wa ku Dedza amene amanyamula mbatatesi ndi kabichi pa galimoto ya abwana ake. Mwachidule walemba kuti: "Apolisi apamsewu anandiimitsa pa Lizulu, akuti ndimathamanga 78 pomwe chikwangwani chikuti 50. Ndalama ndinalibe, ndiye anandilembera pepala lokhala ndi tsiku. Anzanga akuti ndingolitaya, sangandipeze. Wina akuti ndimupatse kangachepe akandikonzere. Ine ku khoti sindinapondeko chibadwire. Kodi akanditsekera? Nditani?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa tsikulo lisanakwane. Pepalalo musalitaye, ndipo wofuna kukukonzeraniyo musamupatse ngakhale tambala.

Tiyambe ndi pepalalo. Kuthamanga mopyola muyezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Road Traffic Act la 1997, koma ndi umodzi mwa milandu ing'onoing'ono imene boma limalola kuti ithe ndi chindapusa osakaonekera pamaso pa majisitireti. Mukalipira ndiye kuti mwavomera kulakwa, nkhani yathera pomwepo. Mukaona kuti simunalakwe, muli ndi ufulu wokana, nkhani ipite kubwalo. Njira zake ndi ziwiri zokhazo. Yachitatu ija, yongokhala chete, si njira ayi.

Khalani pansi muliwerenge pepalalo bwinobwino. Onani ngati dzina lanu, nambala ya laisensi ndi nambala ya galimoto zalembedwa molondola, mlandu womwe alemba, ndalama zake, ndiponso tsikulo kuti ndi la chiyani: lomaliza kulipira kapena lokaonekera ku khoti. Ngati sizikumveka, pitani kwa apolisi apamsewu omwe anakulemberani mukafunse, ndipo mupite masiku akadalipo. Apa mukumbuke kuti Lizulu ili m'boma la Ntcheu. Mlandu kawirikawiri umazengedwa kudera komwe unachitikira, choncho musakakhale pa benchi ku khoti la ku Dedza pomwe dzina lanu likuitanidwa ku Ntcheu. Mulijambulenso pepalalo pa foni, chifukwa la m'thumba la malaya limatha kuchapidwa.

Za ndalama, chindapusa sichichokera m'mutu mwa wapolisi. Chili m'malamulo omwe boma limalengeza, ndipo chimasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndiye musadalire zomwe mnzanu analipira zaka zapitazo. Funsani mwaulemu kuti mlandu wanuwu ndi zingati, mulipire ndendende, mulandire lisiti ya boma, ija ambiri amati GR, kapena yosindikizidwa pa makina awo. Ndalama yolembedwa pa lisiti ifanane ndi yomwe yatuluka m'manja mwanu. Popanda lisiti ndiye kuti simunalipire kalikonse. Mwangopatsa munthu ndalama, mlandu ukadali pa inu.

N'chifukwa chake nkhani ya wokonzayo ikundidetsa nkhawa kwambiri. Lamulo lothana ndi ziphuphu, Corrupt Practices Act, limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Mlandu wanu lero ndi wa liwiro, wotha ndi chindapusa. Mukalowetsapo "ya fanta" mwadziputira mlandu womwe ungakufikitseni kundende. Ndipo wokonzayo akadya ndalama osakonza kanthu, mukadandaula kwa yani? Wina akakuumirizani kupereka ndalama yopanda lisiti, bungwe la Anti-Corruption Bureau lilipo, komanso la Independent Complaints Commission lomwe limamva madandaulo okhudza apolisi.

Anzanu oti "sangakupeze" akukamba za kale. Masiku ano malaisensi ndi magalimoto zili mu kompyuta ya nthambi ya boma yoona za magalimoto ndi malaisensi ya DRTSS, ija amati MalTIS, ndipo chindapusa chosalipidwa chingathe kukutulukirani tsiku lomwe mwapita kukakonzetsa laisensi kapena galimoto ikufuna COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Akuluakulu anati mlandu suola. Choopsa kuposa apo, ngati tsikulo ndi la ku khoti inu osapita, majisitireti ali ndi mphamvu yotulutsa chikalata chokumangani. Funso lanu lija loti akutsekerani kapena ayi yankho lake lagona apa: chomwe chingakugonetseni m'chitokosi mwachangu si 78 ija, koma kujomba ku khoti. Ngati mwadwala kapena kwagwa maliro, tumizani uthenga kwa kalaliki wa khoti kapena wapolisi woimira boma pa mlandu tsikulo lisanafike, ndi kalata ya kuchipatala ngati ilipo, kuti akupatseni tsiku lina.

Mukapita, musaope. Lawirirani, valani mwaulemu, tengani pepalalo, laisensi ndi chitupa cha unzika, ndipo m'thumba mukhale ndalama. Akakuitanani adzakuwerengerani mlandu n'kufunsa ngati mukuvomera kapena mukukana. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu womva mlandu wanu m'chilankhulo chomwe mumachidziwa, ndiye ngati Chingerezi chikukudutsani nenani kuti mukufuna Chichewa. Musagwedezere mutu zomwe simunamve.

Mukavomera, musanapatsidwe chilango mudzapatsidwa mpata wodandaula. Pamenepa nenani zoona zokhazokha: kuti n'koyamba kupezeka ndi mlandu ngati zilidi choncho, kuti pakhomo amadalira inu, kuti mwazindikira kulakwa. Mukakana, boma liyenera kubweretsa umboni, ndipo inu muli ndi ufulu womufunsa wapolisiyo mafunso. Kodi anakuonetsani nambala pa kamera? N'chiyani chikutsimikiza kuti inali ya galimoto yanu osati ya minibasi yomwe imakupitirirani? Chikwangwani cha 50 chinalipo ndipo chimaoneka? Awa ndi mafunso enieni. Koma zoti "ndimathamangira msika" kapena "aliyense amathamanga pamenepo" sizikupulumutsani. Dziwaninso kuti kukana kumatanthauza kubwerera ku Ntcheu kangapo, thiransipoti yanu, ntchito itaima. Mukagonja n'kuona kuti chigamulo sichinayende bwino, apilo imapita ku High Court, ndipo osowa ndalama ya loya angathe kukapempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

M'kalata yanu simunanene kuti apolisi akunama. Mwangonena kuti mukuopa. Ngati mumtima mukudziwa kuti phazi linalemeradi, maganizo anga ndi oti mukalipire tsiku lisanakwane. Abwana anu muwauze lero lomwe, asadzamvere kwa ena. Mlandu wa liwiro ndi wa dalaivala, koma ngati iwo ndi amene amakuikirani nthawi yosatheka yofikira ku Lilongwe, mukambirane zimenezo poyera.

Ndisakubisireni, 50 ya pa Lizulu ine ndimaiona kuti ndi yoyenera. Msewu wa M1 pamenepo wadutsa pakati pa msika, mbali ina Malawi mbali ina Mozambique, amayi akudumpha ndi mabeseni a tomato, akabaza akukhota mosayang'ana, ana akuthamangira minibasi. Pa 50 galimoto imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Pa 80 imayenda 22, ndipo mtunda woti iime mutaponda mabuleki umaposa kawiri ndi theka. Kuwonjezera apo, inu mumakhala mutasenza matumba, nthawi zina m'chifunga cha ku Bembeke. Phindu lake? Kilomita imodzi pa 50 imatenga masekondi 72, pa 80 masekondi 45. Anthu a ku Ntcheu sanaiwale za mu 2019, pomwe lole inalowa mumsika wa Kampepuza n'kupha anthu ambiri omwe amangogulitsa malonda awo m'mbali mwa msewu womwewu.

Mukalipira, lisitiyo muijambule, ina ikhale m'galimoto, yeniyeniyo muisunge kunyumba pamodzi ndi mapepala a laisensi. Ikadzafunika pa tsiku la COF, abwana anu adzaifunsa kwa inu.