Simvastatin, mankhwala a TB ndi ma ARV akakumana m'chiwindi chimodzi

Mayi wina wa ku Bangula watitumizira imelo. Amuna awo amamwa simvastatin wotsitsa kolesterolo (mafuta ena opezeka m'magazi), ali pa ma ARV, ndipo mwezi uno ayamba mankhwala a TB. Akufunsa ngati mankhwalawa sakulimbana m'thupi, komanso kuti madokotala anazidziwa bwanji zimenezi.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Kolesterolo yambiri ya m'magazi sichokera m'mbale ayi, thupi limadzipangira lokha, makamaka m'chiwindi ndiponso usiku. Mu 1973 Akira Endo wa ku Japan, atafufuza mitundu ya chuku yoposa 6,000, anapeza compactin, mankhwala otseka enzaimu (puloteni yoyendetsa ntchito za m'thupi) yopanga kolesterolo yotchedwa HMG-CoA reductase. Nthawi yomweyo ku Dallas, Michael Brown ndi Joseph Goldstein anaonetsa kuti maselo ali ndi timakomo tokokera kolesterolo yoipa ya LDL kuchoka m'magazi, ndipo chiwindi chikachepetsa kupanga yakeyake, chimatsegula timakomo tambiri. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1985, ndipo lovastatin, wa gulu limodzi ndi compactin ndi simvastatin, analoledwa ku America mu 1987. Simvastatin sakhalitsa m'magazi, n'chifukwa chake amamwedwa madzulo. Atorvastatin, winanso wa gululi, amakhalitsa, nthawi iliyonse ndi yabwino.

Chiwindi chomwecho ndi chimene chimaphwanya mankhwala. Simvastatin amaphwanyidwa ndi enzaimu ya CYP3A4, ndipo apa ndi pamene mankhwala a bambo akukumanira. Rifampicin wa m'mapiritsi a TB amachulukitsa enzaimuyi, moti simvastatin wotsala m'magazi amangokhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Sawapweteka, koma sagwiranso ntchito mokwanira, ndiye adokotala adziwe kuti asankhe chochita.

Chofunika kuposa apa ndi ma ARV. Rifampicin amafulumizitsanso kuphwanyika kwa dolutegravir wa mu TLD, piritsi la ma ARV atatu ophatikiza. Munthu wa pa TLD akayamba mankhwala a TB amawonjezeredwa piritsi la dolutegravir la 50 mg, lomwedwa patatha maola 12 atamwa TLD, mpaka masabata awiri atamaliza mankhwala a TB. Onani m'thumba la mankhwala a bambo lero lomwe. Ngati piritsi lowonjezeralo mulibe, kafunseni, chifukwa kachilombo kangapeze mpata wozolowera mankhwala.

Ngati ali pa ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir/ritonavir, nkhani imatembenuka. Ritonavir amatseka CYP3A4, simvastatin n'kuunjikana mpaka kuwononga minofu. Awiriwa samwedwa pamodzi, ndipo rifampicin sayenderananso ndi atazanavir. Erythromycin ndi clarithromycin, mankhwala opha mabakiteriya, nawonso amatseka enzaimuyi. Womwa amlodipine wa BP asapitirire 20 mg ya simvastatin patsiku.

Ziwindi sizifanananso. Collen Masimirembwa wa ku Zimbabwe ndi anzake anaonetsa kuti anthu ambiri a kuno kwathu ali ndi enzaimu ya CYP2B6 yophwanya ARV wotchedwa efavirenz pang'onopang'ono, ndipo izi zinafotokoza chizungulire ndi maloto oipa zimene ambiri ankadandaula. Kafukufuku wotere, wochitika pa magazi a anthu athu, timamufuna wambiri.

Tsopano yang'anirani mkodzo, chifukwa kuno kuchigwa umasokoneza anthu. Wofiirira ngati madzi a lalanje, pamodzi ndi thukuta ndi misozi, ndi rifampicin basi, musaope. Timagazi todontha pomaliza kukodza kawirikawiri ndi likodzo, lofala kwa asodzi ndi olima m'madimba a m'mbali mwa Shire. Koma mkodzo wakuda bii, ntchafu zonse ziwiri ndi mapewa zikuwawa, munthu akulephera kudzuka pamkeka osagwira khoma, imeneyo ingakhale minofu ikuwonongeka. Asamwenso simvastatin usiku umenewo, amwe madzi ambiri, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala ku Nsanje ndi Chikwawa kumapitirira madigiri 40, ndipo thupi louma madzi limafulumizitsa kuwonongeka kwa impso.

Maso achikasu, nseru, kusanza ndi kupweteka pansi pa nthiti zakumanja zimaloza chiwindi chenicheni. Isoniazid, pyrazinamide ndi rifampicin onse angachitupitse, ndipo kachasu amangowonjezera moto. Zikatero musadikire tsiku lolembedwa, pitani akayezedwe magazi a ALT, oonetsa ngati chiwindi chatupa. Mankhwala azitsamba nawonso amadutsa m'chiwindi, muwatchule kwa adokotala mopanda manyazi.

Bambo asasiye okha ma ARV kapena mankhwala a TB. Popeza a TB, a ma ARV ndi a BP nthawi zambiri amalandiridwa m'zipinda zosiyana, tengani mabotolo onse ndi buku lakuchipatala, muwayale patebulo pamaso pa dokotala mmodzi.