Mayi amaliza kemo, tsopano akuti radiotherapy: ilipo mitundu ingati, ndipo thupi lidzamva bwanji?

Wowerenga wina wa ku Luwinga kuno ku Mzuzu watitumizira imelo yokhudza mayi ake a zaka 62. Anawapeza ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero, anawachita opaleshoni yochotsa chiberekero, kenako analandira kemo (mankhwala amphamvu opha khansa) maulendo 6. Tsopano adokotala akuti akalandirenso radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi cheza champhamvu. Funso lake ndi ili: "Chiberekero chinachoka, kemo yatha, nanga akukawotchanso chiyani? Amayi afooka kale, zala zikuchita dzanzi. Kodi apirira?"

Achemwali, tiyambe ndi funso loyambalo. Kemo imayenda m'magazi, kusaka tizidutswa ta khansa tomwe tingakhale titathawira kutali monga ku mapapo kapena ku chiwindi. Koma khansa iyi imakondanso kuphukira pafupi ndi pomwe inali: kumtunda kwa njira yoberekera pomwe anasoka atachotsa chiberekero, komanso m'anabere a m'kati mwa chiuno. Malo amenewa kemo payokha siwateteza mokwanira. Kafukufuku wamkulu wa GOG-258, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anaonetsa zimenezi mwa amayi omwe khansa inali itakula kale: mwa olandira kemo yokha, 7 mwa 100 inabwerera m'njira yoberekera ndipo 20 mwa 100 m'anabere, pomwe mwa olandira kemo ndi radiotherapy anali 2 ndi 11. Choncho mawu a adokotalawo sakutanthauza kuti kemo yalephera.

Chofunika kwambiri kuti mufunse musanachite china chilichonse ndi mtundu wa radiotherapy womwe alembedwa, chifukwa ilipo iwiri ndipo ndi yosiyana kwambiri pa nthawi, ndalama ndi mavuto ake.

Woyamba ndi wa kunja. Wodwala amagona chagada pa kabedi kolimba, makina n'kumazungulira chiuno akuponya cheza champhamvu osamukhudza. Nthawi zambiri amalandira maulendo 25 mpaka 28, kamodzi pa tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, kutanthauza milungu isanu kapena kupitirirako pang'ono. M'chipindamo amakhalamo mphindi 10 mpaka 20, ndipo samva kutentha kapena ululu. Wachiwiri ndi wa m'kati, wotchedwa brachytherapy. Amalowetsa kachipangizo kosalala konga kandulo m'njira yoberekera, cheza n'kuperekedwa kuchokera m'katimo kwa mphindi zochepa, maulendo 3 mpaka 5 basi. Chezacho sichifika patali, n'chifukwa chake matumbo ndi chikhodzodzo sizivutika kwenikweni, koma sichifikanso ku anabere. Ngati lipoti la ku labu la zomwe anachotsa pa opaleshoni likusonyeza kuti khansa inalowa m'anabere kapena inadutsa khoma la chiberekero, kawirikawiri amasankha wa kunja, ndipo ngati inafika pa khomo la chiberekero amatha kuwonjezerapo wa m'kati. Lipoti limenelo lisungeni ngati chiphaso. Lijambuleni pa foni, pamodzi ndi pepala losonyeza mankhwala a kemo ndi tsiku lomwe analandira omaliza.

Makina a radiotherapy ku Mzuzu Central kulibe. Kwa zaka zambiri odwala a m'Malawi ankatumizidwa kunja, koma tsopano chithandizochi chikupezeka ku National Cancer Centre pa Kamuzu Central ku Lilongwe, komanso pa chipatala china cholipira ku Blantyre. Kwa ife a kumpoto izi zikutanthauza kuti wa kunja uja ndi kusamuka kwa mwezi ndi theka. Musayese n'komwe zomakwera basi pa M1 kumapeto kwa sabata iliyonse. Pezani pogona pafupi ndi chipatala ndi wowadikirira mmodzi wodalirika, chifukwa kujomba masiku kumapatsa khansa mpata wochira. Tsiku lomwe akumva kufooka apitebe, akanene kwa anamwino, iwo ndiwo aone ngati n'koyenera kupumira.

Asanayambe amawajambula CT sikani yokonzera ndondomeko, n'kuwalemba timadontho titatitu pakhungu toti makina azilunjika pamodzimodzi tsiku lililonse. Timadonthoto asatikhule posamba. Malo ambiri amauza wodwala kuti akodze, amwe madzi okwana pafupifupi theka la lita, adikire mphindi 30 mpaka 45, ndiye alowe. Ambiri amaona ngati n'kuwavutitsa chabe, koma chikhodzodzo chodzaza chimakankhira matumbo ang'ono m'mwamba, kutali ndi cheza. Wothamangira kukodzanso asanalowe ndiye amadzatsegula m'mimba kwambiri. Ayesetsenso kuchita chimbudzi m'mawa, popeza mpweya ndi chimbudzi zimasuntha ziwalo pamalo pomwe zinali pojambula.

Pa funso loti apirira: amayi ambiri omwe adutsa zonse ziwiri amaona kuti radiotherapy ndi yopepukirapo. Tsitsi la kumutu silithothokanso, la kumaliseche lokha. Dzanzi la m'zala ndi la kemo, ndipo cheza cha m'chiuno sichiliwonjezera, ngakhale limatenga miyezi kuti lichepe. Koma pali chinthu chimodzi chomwe kemo imasiya. Gawo lalikulu la mafuta a m'mafupa omwe amapanga magazi lili m'mafupa a chiuno, momwemo momwe cheza chikudutsa, ndipo mafutawo atopa kale ndi kemo. N'chifukwa chake amadikira milungu itatu kapena inayi kuti magazi abwerere, n'kumawayeza pafupipafupi. Thupi likatentha kufika madigiri 38, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Musangogula LA pagolosale poganiza kuti ndi malungo. Chitetezo chikatsika, matenda ang'ono amakula m'maola ochepa. Ngati ali pa ma ARV kapena mankhwala a shuga ndi BP, apitirize, koma madokotala adziwe.

Sabata yoyamba imadutsa bwino. Kuyambira yachiwiri kapena yachitatu m'mimba mumayamba kupotokola ndi kutsegula, chifukwa cheza chimanyula khungu la m'kati mwa matumbo. Apa chakudya chisinthe ngakhale chikuoneka chotsutsana ndi zomwe timaphunzitsa masiku onse. Mgaiwa, nyemba, khobwe, kabichi, chigwada, tsabola, zokazinga ndi mkaka wambiri ziyambe zaima. Adye nsima ya ufa woyera, mpunga, phala, mbatata ya kachewere yowiritsa, nthochi zakupsa, mazira, nkhuku kapena nsomba yophika yopanda mafuta ambiri, pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Madzi afike malita awiri, ndipo Thanzi ORS asasowe m'chikwama. Adokotala amapereka mankhwala oletsa kutsegula m'mimba otchedwa loperamide. Musawagulire nokha musanafunse. Akatsegula kopitirira kasanu ndi kamodzi pa tsiku, akamasanza, kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, anene msanga.

Mkodzo umatha kuwotcha ndi kubwera pafupipafupi. Nthawi zina ndi cheza chabe, nthawi zina ndi matenda a m'chikhodzodzo, ndiye ayezetse m'malo mongoganizira. Khungu la m'mphechepeche ndi pakati pa matako limada, kuyabwa, mwinanso kusupuka. Asambe ndi madzi ofunda ndi sopo wosanunkhira, apukute mosisita pang'ono osakhula, avale za thonje zomasuka. Chonde, mankhwala azitsamba, phulusa kapena mafuta otentha asayandikire pamenepo. Dziwaninso kuti mavutowa amafika pachimake sabata imodzi kapena ziwiri chithandizo chitatha, atabwerera kale kuno kunyumba, kenako amazilala m'milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Mabanja ambiri amachita mantha nthawi imeneyi poganiza kuti matenda abwerera.

Pali nkhani ina yomwe mwana amachita manyazi kukamba ndi mayi ake, koma siyofunika kuidumpha. Mitundu yonse iwiri imachititsa kuti njira yoberekera iume, ichepe ndi kumatirira pochira. Zikatero kukhala pamodzi ndi bambo kumapweteka, ndipo adokotala amalephera kuyeza pamalo pomwe khansa imakonda kubwerera. Pofuna kupewa izi amapereka kachipangizo kotchedwa dilator, komwe mayi amadziika yekha atapaka mafuta oterera a kuchipatala, kwa mphindi 5 mpaka 10, katatu pa sabata, kuyambira milungu iwiri mpaka inayi chithandizo chitatha. Ngakhale mayi wamasiye akufunika kutero. Ngati inu simungathe kuwauza, pemphani namwino wachizimayi kapena azakhali awalankhule. Ndipo mayi sanyamula cheza m'thupi akatuluka m'chipinda chija. Angathe kubereka zidzukulu kumsana, kudya mbale imodzi ndi banja, kugona ndi amuna awo popanda choopsa kwa wina aliyense.

Mavuto ena amadza mochedwa, patapita miyezi kapena zaka, ndipo sagwera aliyense: mwendo kutupa makamaka ngati anachotsa anabere, magazi m'chimbudzi kapena mumkodzo, chimbudzi chosadikira, ndi kupweteka kwa chiuno chifukwa cha mafupa ofooka omwe amatha kung'aluka popanda kugwa. Zonsezi zili ndi chithandizo zikanenedwa msanga, ndipo aliyense wowaona ku chipatala chilichonse adziwitsidwe kuti analandirapo cheza m'chiuno. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba azikaonedwa miyezi itatu kapena inayi iliyonse, choncho pochoka ku Lilongwe pemphani kalata yofotokoza mlingo wa cheza womwe alandira ndi tsiku loti akaonekere ku Mzuzu Central. Magazi alionse otuluka kumaliseche pambuyo pake asadikire tsiku limenelo.