Mwana akufuna kuyeza mpweya wa m'nkhalango: ayambire pati?

Mayi wina wa ku Kasungu walemba za mwana wake wamkazi amene ali Folomu 3. Mtsikanayo anaonera pa foni anthu atakwera nsanja yaitali pakati pa nkhalango, akuyeza mpweya umene mitengo imameza ndi kutulutsa, ndiye wanenetsa kuti ntchito yake ndi imeneyo. Bambo ake akuti zankhalango n'zongothamangitsana ndi ootcha makala. Mayiwo akufunsa ngati maphunziro otere alipodi, komanso ngati munthu angadyerepo.

Mayi, maphunzirowo alipo, ndipo zimene anaona mwana wanu si zamafilimu. Masana masamba amakoka carbon dioxide, uja pa wailesi amangomuti mpweya woipa ngakhale kwa mtengo ndi chakudya. Usiku kumezako kumaima, koma mitengo, mizu ndi tizilombo ta m'nthaka zimapitiriza kuutulutsa. Funso la ofufuza n'lakuti: chaka chikatha, nkhalango yasunga wambiri kapena yataya wambiri? Pamwamba pa nsanja amaikapo kachipangizo koyeza mphepo ndi kena koyeza mpweyawo, ndipo tonse tiwiri timawerenga kakhumi kapena kuposa pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku. Njirayi amaitcha eddy covariance. Nsanja ya ATTO m'nkhalango ya Amazon ku Brazil ndi yaitali mamita 325. Kufupi ndi kwathu kuno iliko ina ku Skukuza m'paki ya Kruger ku South Africa, ndipo ina inayezapo nkhalango ya miombo pafupi ndi Mongu ku Zambia pakati pa 2007 ndi 2009.

Koma ndisakunamizeni, nsanja zotere mu Africa n'zowerengeka, pamene ku Ulaya ndi ku America zili mbwee. Mwana wanu akalowa m'gawo limeneli, chimene adzayambe kugwira si nsanja, ndi tepi. Amadula kagawo ka nkhalango, kawirikawiri hekitala imodzi, n'kukhomera kachitsulo ka nambala pa mtengo uliwonse. Tepi amaizunguliza pa thunthu pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, pafupifupi pachifuwa pa munthu wamkulu. Wina akutchula, wina akulemba: mombo, masentimita akuti, msuku, akuti, uwu wadulidwa, chatsala chitsa. Dzuwa lili pamutu, tongole tili m'maso, nkhupakupa m'masokosi. Pakapita zaka zingapo amabwerera pa mitengo yomweyo kukaona mmene yanenepera. Kenako masamu: kukula kwa thunthu kumapereka kulemera kwa mtengo, pafupifupi theka la mtengo wouma ndi kaboni wochokera mu mpweya umene unameza uja, ndipo tani imodzi ya kaboni ndi matani 3.67 a carbon dioxide.

Apa ndi pamene ana ambiri amaterereka. Amasankha zankhalango pothawa Masamu ndi Physics, poganiza kuti Biology ndi Agriculture n'zokwanira. Ayi ndithu. Nsanja imodzi imalavula manambala mamiliyoni, ndipo amene amasakidwa ndi munthu wotha kuwasefa pa kompyuta ndi pulogalamu ya R kapena Python, n'kuzindikira kuti apa chipangizo chinanama chifukwa kunagwa mvula. Choncho poti akadali Folomu 3, nthawi ilipo: Masamu, Physics, Chemistry, Biology ndi Geography asasiyeko n'limodzi lomwe. Mayunivesite aboma amafuna makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mafomu amadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Muziwerenga chikalata chawo cha chaka chimenecho, chifukwa zofunika pa kosi iliyonse zimalembedwa mmenemo.

Digiri ya zankhalango ili ku Mzuzu University ndi ku LUANAR, ku Bunda. Ngati mtima wake uli kwambiri pa mphepo ndi mlengalenga, ayang'ane MUST ku Thyolo, kumene kuli maphunziro a zanyengo. Mapointi akavuta, kuli Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza, ndipo dipuloma ikhoza kukhala makwerero opita ku digiri. Ine ndikanakhala iye, pa tchuthi cha chaka chachiwiri ndikanakagogoda ku Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba kupempha kuti ndizikanyamulako tepi, ngakhale popanda malipiro. Kafukufuku weniweni wa nsanja amafuna digiri yachiwiri ndi yachitatu, nthawi zambiri kunja, kudzera m'thandizo monga la Commonwealth kapena DAAD ya ku Germany. Osankha amakopeka ndi mwana amene anakhalapo m'tchire ndipo ali ndi manambala ake m'manja.

Za kudyerapo, bambo ake sakulakwa kwenikweni. Ntchito zambiri za kuno n'zamapulojekiti, zaka ziwiri kapena zitatu, kenako kusakanso. Komabe dziko lino linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nkhalango ndi malo oguga pofika 2030, ndipo mapulojekiti a REDD+ (olipidwa chifukwa choteteza nkhalango) ndi ogulitsa kaboni wosungidwa m'mitengo salandira ndalama popanda umboni woti mitengo yasungadi kaboni wochuluka chotere. Umboniwo amaupanga ndi anthu odziwa kuyeza, kujambula mapu pa kompyuta ndi pulogalamu ya QGIS ndi kuwerenga zithunzi za setilaiti. Luso lomwelo limagulika ku zaulimi, ku zamadzi ngakhale ku mabanki.

Muuzeninso bambowo kuti makala aja ali m'kati mwa nkhaniyi. Miombo yathu imayoyola masamba m'chilimwe, imapsa ndi moto pafupifupi chaka ndi chaka, imadulidwa n'kuphukanso pachitsa, ndiye masamu a ku Amazon sangangotengedwa n'kuikidwa pa nkhalango ya Dzalanyama kapena ya Chimaliro.

Loweruka likubwerali mugulireni mwana wanuyo tepi ya telala ndi kope. Asankhe mitengo makumi awiri pafupi ndi kwanu, ailembe manambala ndi penti, aiyeze pachifuwa, alembe ndi tsiku. Ngati chaka chamawa adzakumbukire yekha kukaiyezanso inu osamuuza, mudzandilemberenso tidzakambe za kosi.