Chikwama chothamanga nacho masiku atatu pa Phiri la Zomba

Achimwene, mwati mukufuna kuyenda mothamanga pa Phiri la Zomba masiku atatu, kugona komweko, ndipo mwasowa chosankha pakati pa chikwama cha malita 20 ndi cha 40. Tengani cha pakati pa 25 ndi 30, koma musanatulutse ndalama yambani mwayeza katundu wanu.

Yalani zonse pamkeka: sleeping bag (thumba lofunda logonamo), kamatiresi kopyapyala, tenti yaing'ono, jekete ya mvula, juzi, tochi ya pamutu, chakudya ndi madzi. Ikani pasikelo. Zikapitirira makilogalamu 8, chotsani zina. Zikwama zothamangira zambiri zilibe zitsulo kumsana, ndiye kulemera konse kumagwera pamapewa ndi panthiti. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu yathunthu, ndipo chakudya chouma ngati mtedza, chiponde ndi mabisiketi chimafika magalamu 600 mpaka 800 patsiku. Cha malita 40 chimanyenga: mpata ukatsala mumaponyamo zosafunika, mukapanda kudzaza katundu amangokhutchumuka m'katimo. Cha 20 chimakwana pokhapokha ngati simunyamula tenti, monga ku Mulanje komwe kuli tinyumba togonamo.

Chachikulu ndi malamba. Funani chomwe chimavalidwa ngati vesiti: malamba a pamapewa otambalala, okhala ndi matumba kutsogolo olowa mabotolo awiri ofewa a 500 ml, foni ndi zotafuna, kuti musamaime kuvula chikwama nthawi iliyonse mukamva ludzu. Pachifuwa pakhale timalamba tiwiri tosunthika, osati kamodzi. Kamodzi kokha kamalola chikwama kudumpha, ndipo potsika kuchokera pansonga ya Malumbe, pamwamba pa mamita 2,000, kudumphako kumasupula khungu m'khosi ndi pamsana thukuta likangoyamba. M'mbali mukhale zingwe zofinyira katundu. Lamba wa m'chiuno wonenepa ngati wa zikwama zoyendera pang'onopang'ono sakufunika. Amakwera pamimba n'kumakubanikitsani. Chikwama chopanda kanthu chisapitirire magalamu 700. Zotere zimabwera m'masaizi ngati malaya, choncho yezani chifuwa chanu ndi tepi ya telala mutavala juzi.

Pakamwa pa chikwama pakhale popinda, osati pa zipi yaitali. Zipi imafa ndi fumbi komanso kukanikiza, pomwe chopinda chimachepa chakudya chikamatha.

Za mvula musakhulupirire zolembedwa pachikwama. Madzi amalowera m'misoko. Ikani jumbo yakuda yolimba m'kati, sleeping bag ndi zovala zouma zilowe mmenemo, mupotokole kukamwa. Izi si za nyengo ya dzinja yokha ayi. Mu June ndi July chiperoni chimanyowetsa munthu pang'onopang'ono, usiku n'kuzizira koopsa. Miyezi imeneyo zofunda zimadya malo, ndiye 30 ndi yabwino kuposa 25.

Kalongedzedwe: zofewa pansi, zolemera monga chakudya pakati moyandikana ndi msana, jekete ya mvula pamwamba. Kamatiresi kapindeni kakhale kumsana, kagwira ntchito ya chitsulo chija ndipo poto sakubayani. Musapachike kapu kapena nsapato kunja. Madzi osanyamula ambiri: kufupi ndi mathithi a Williams Falls ndi mtsinje wa Mulunguzi mutunga, bola muthire mankhwala ngati WaterGuard. Popita kumtunda cha ku dzenje lakuya la Chingwe's Hole dzazirani pasadakhale, makamaka mu October.

Mukachipeza pa kaunjika mumsika wa Zomba, chitembenuzeni. Ngati utoto wa m'kati ukukanganuka ngati mamba kapena ukunanda, chatha ntchito. Kokani pomwe lamba wa paphewa walumikizana ndi thupi la chikwama, pamenepo m'pomwe chimayambira kung'ambika. Wosoka nsapato akhoza kukonza msoko, koma ukonde wa matumba a kutsogolo ukafwifwa, mabotolo azingogwa.

Musanapite ulendo weniweniwo, ikanimo mapaketi 7 a shuga a kilogalamu imodzi, muwakulunge m'thaulo, mukwere Potato Path, njira yapansi yochokera m'tauni ya Zomba, mpaka pa hotela ya Ku Chawe n'kutsika mothamanga. Pofika kunyumba yang'anani pakalilole: pomwe pafiira m'pomwe mudzapake Vaseline kapena kusuntha lamba. Manja akachita dzanzi, masulani malamba a pamapewa pang'ono, mumange kalamba ka m'munsi ka pachifuwa.