Kodi kafukufuku wokokomeza ndingamuzindikire bwanji?

FUNSO: Ndikuphunzira za unamwino, ndipo aphunzitsi amatiuza kuti chilichonse chimene talemba chizikhala ndi umboni wa kafukufuku. Koma ndimapeza malipoti otsutsana pa nkhani imodzimodzi. Wonama kapena wokokomeza ndingamudziwe bwanji, poti masamu amandivuta? Ndine wophunzira wa chaka chachiwiri.

YANKHO: Musade nkhawa, masamu ofunika apa ndi ochepa. Ine ndikatsegula lipoti sindikhalitsa pa mutu wake. Ndimapita pamene pali manambala, n'kufunsa kuti: anthu angati, mwa anthu angati?

Mu 1995, akuluakulu oona za mankhwala ku Britain anachenjeza kuti mapiritsi ena atsopano olera amachulukitsa kawiri chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha. Sananame ayi. Koma "kawiri" ameneyu anali wotani? Mwa amayi 7,000 omwa mapiritsi akale, mmodzi ndiye ankapezeka ndi vutoli. Mwa amayi 7,000 omwa atsopano, anali awiri. Amayi ambiri atangomva zoti kawiri anachita mantha n'kusiya mapiritsi, ndipo chaka chotsatira ochotsa mimba ku England ndi Wales anawonjezekera ndi pafupifupi 13,000. Nkhaniyi imandiwawa, chifukwa mimba payokha imaika mayi pa chiopsezo cha kuundana kwa magazi kuposa mapiritsiwo. Inu mukadzayamba ntchito, odwala adzakufunsani mafunso otere ali ndi mantha, ndiye zolowerani kuwauza manambala enieni.

Onaninso kuchuluka kwa anthu amene anafufuzidwa, komanso ngati panali gulu lina loyerekezera nalo. Mu 1998 dokotala wina wa ku Britain, Andrew Wakefield, anatulutsa lipoti m'magazini yotchuka ya zachipatala ya The Lancet limene linachititsa makolo kuganiza kuti katemera wa MMR (woteteza ku chikuku, matsagwidi ndi rubella) amayambitsa autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi ena. Ana amene anawafufuza anali 12 okha, popanda gulu loyerekezera. Mtolankhani Brian Deer anapeza kuti Wakefield ankalandira ndalama kudzera kwa loya amene ankakonza zosumira makampani opanga katemerayo. Mu 2010 magaziniyi inachotsa lipotilo ndipo iye analetsedwa kugwira ntchito ya udokotala ku Britain. Pomwe ku Denmark, kafukufuku wa mu 2002 anatsata ana oposa 500,000 ndipo sanapeze mgwirizano uliwonse pakati pa katemerayu ndi autism. Choncho dzina la magazini lisakugonetseni tulo. Werengani kumapeto kwa lipoti, pamene olemba amaulula amene anapereka ndalama.

Chenjeraninso ndi lipoti limene likuti chinthu china "chimayambitsa" matenda pamene ofufuzawo anangoona kuti zinthu ziwirizo zimapezeka pamodzi. Mwina pali chachitatu chobisika, monga kusuta fodya kapena msinkhu wa anthuwo.

Za kutsutsana kwa malipoti, zisakudabwitseni: kafukufuku wa anthu ochepa amatha kupereka zotsatira zamwayi chabe. Pa za umoyo, yambani mwafufuza ku Cochrane, kumene amasonkhanitsa kafukufuku yense wa pa funso limodzi n'kuunika amene ali wodalirika. Ndipo musanaike lipoti lililonse m'zolemba zanu, lembani mutu wake pa intaneti limodzi ndi mawu akuti "retracted", kapena muyang'ane ku Retraction Watch, tsamba la pa intaneti limene limalemba za malipoti ochotsedwa, kuti muone ngati silinachotsedwe kale.