Musanasaine ngongoleyo, imvani kaye zimene zinandionekera

Achimwene, musanasaine ngongole yogulira makina opukusa magetsi ndi mphepo aja, imvani kaye zanga, chifukwa ndikakumbukira mtima umandiwawabe mpaka lero.

Ine ndinagula makina olembedwa mawati 1,000 kuti aziyendetsa makina anga oswera anapiye. Wogulitsayo anangoti mphepo ndi yaulere, koma sananditchulire n'komwe kuti mawati amenewo amatuluka pokhapokha mphepo ikamathamanga mamita pafupifupi 12 pa sekondi, pamene pamalo panga imathamanga mamita 4 okha. Ndinadziwa mochedwa kuti liwiro la mphepo likatsika ndi theka, magetsi amatsala gawo limodzi mwa magawo 8, kutanthauza kuti ine ndinkatola gawo limodzi mwa magawo 27 a zimene ndinalipira.

Mazira anali atakwanitsa masiku 18, kutangotsala masiku 3 kuti aswe, pamene mphepo inangoti zii kwa masiku awiri athunthu. Usiku wachiwiri invata, kachipangizo kosintha moto wa m'mabatire kukhala magetsi oyendetsera makina, inalira kenako n'kuzima. Ndinaima ndi tochi kuyang'ana choyezera kutentha chikutsika kuchoka pa madigiri 37.5, ndinafunditsa makina oswerawo mabulangete, ndinaikamo mabotolo a madzi otentha, koma kuzizira kunandipambana. Kutacha ndinaswa dzira limodzi n'kupezamo kamwanapiye kali ndi nthenga kale, kali nenee kuzizira, ndipo nditatuluka panja ndinaona mapiko aja atangoima pamwamba pa chitsulo, osagwedezeka n'pang'ono pomwe.

Wogulitsa uja anakhala sabata yonse osayankha foni, ndipo atayankha anati wolakwa ndine chifukwa ndinagula mabatire ochepa, chonsecho anandisankhira mabatirewo ndi iye mwini. Nawonso mabatirewo sanachirenso, pakuti a mtundu wa lead-acid safuna kutsika kupitirira theka. Ngongole yokha ndiyo sinadumphe mwezi.

Musaganize kuti maboma sizimawagwera zoterezi. Ku Germany, lamulo la mu 2000 lolimbikitsa magetsi a mphepo ndi dzuwa linachititsa kuti mabanja azilipira ndalama yapamwamba pa bilu, imene mu 2017 inafika masenti 6.88 a euro pa yuniti iliyonse, mpaka anaichotsa mu 2022. Ku Britain, eni makina a mphepo a ku Scotland amalipidwa kuti awazimitse mawaya akalephera kunyamula magetsiwo, ndipo ndalamayo imachoka m'thumba mwa ogula magetsi.

Komabe sindikuti musagule. Yezani mphepo ya pamalo panupo kwa chaka chathunthu, pautali umene mudzaikepo makinawo, ndipo muwerengeretu mtengo wa mabatire ndi jenereta yodikirira. Angawa ndinawasiya pomwepo, ndinawonjezera masola ndi mabatire atsopano, ndipo usiku mphepo ikamaomba ndi makina a mphepo omwewo amene amafunditsa mazira anga.