Kamuvi ka liwiro kakulozera pena

Achimwene, mwafunsa za kamuvi ka liwiro ka galimoto yanu kamene kakulozera pena. Amene anatsegula dashibodi anangokabwezera pamalo olakwika, kazuleni mukabwezerenso bwino. Chotsani galasi la dashibodi, mukanyamule ndi timasupuni tiwiri uku ndi uku, pang'onopang'ono, mutayala kapepala pansi kuti musakande manambala. Kenaka tembenuzani kiyi osaliza injini, mudikire pang'ono, n'kukaika pa 0. Musakakanikize mpaka pansi, kamakhula n'kumakakamira.

Vitz yanga inachita zomwezi amakaniko atandisinthira mababu a m'dashibodi. Ndikudutsa pa Kanengo kankaonetsa 60 pomwe GPS ya pafoni ikuti 75, apolisi apamsewu akanandilipitsa ndithu. Kamuvi ka mafuta ndiye dzadzani thanki kaye, mukaloze pa F.

Koma kakamanjenjemera kapena kungogona osadzuka, ndiye kuti mwina kamota koyendetsa kamuviko kawonongeka. Pamenepo musalimbane nako, pitani kwa wamagetsi a galimoto.